Chikhomo cha thread iliyonse: mmene Linux yasungira nambala imodzi popanda kugwetsa mapulogalamu akale

Tengani pulogalamu ina iliyonse yobwera ndi Ubuntu kapena Fedora pa kompyuta ya 64-bit, muisuzumire m'mimba ndi chida chotchedwa objdump. Simuwerenga nthawi yaitali musanakumane ndi mzere uwu, ndipo mukangouona kamodzi mudzayamba kuuona paliponse:

mov %fs:0x28,%rax

Mzerewu ukuuza purosesa kuti ipite pomwe rejista yotchedwa FS (kamalo kosungira nambala mkati mwa purosesa momwemo) ikuloza, iyende ma byte 40 kutsogolo, itenge nambala yomwe ili pamenepo. Nambalayo ndi kamlonda komwe compiler, chida chomasulira pulogalamu kuti purosesa iimve, imaika pa stack, gawo la memori losungiramo zakanthawi, kuti idzazindikire ngati data yasefukira n'kuwononga za pafupi. Koma kamlondako si nkhani yanga lero. Chondikopa n'chakuti mumzeremu mulibe adiresi yeniyeni. Ma thread khumi, ndiye kuti tintchito toyendera limodzi mkati mwa pulogalamu imodzi, akhoza kuponda mzere womwewu nthawi imodzi, iliyonse n'kukagwera pamalo pakepake m'memori, chifukwa FS ya iliyonse ikuloza kwina. Woonetsetsa kuti FS ikuloza koyenera ndi kernel, mtima wa Linux woyang'anira purosesa ndi memori, ndipo ntchito yake pankhaniyi ndi yokhayo basi: kusungira thread iliyonse nambala imodzi. Mukamva choncho mungati n'zophweka. Komatu Linux yatha zaka zoposa 20 ikukonza kakhomo komwe mapulogalamu amaperekera nambalayi, ndipo chomwe chinkavuta sichinali nambalayo ayi. Anali mapulogalamu olembedwa kale, omwe anayenera kudzuka mawa lake n'kugwira ntchito ngati dzulo.

Ma thread a m'pulogalamu imodzi ali ngati ana a m'nyumba imodzi. Nkhokwe ndi imodzi, mtsuko wa madzi ndi umodzi, wina akasuntha mpando onse aupeza utasuntha. Phindu la ma thread ndi lomwelo, kuti memori amagawana. Koma m'nyumba iliyonse muli zinthu zosabwerekana, ngati mswachi. Pa Unix chodziwika kwambiri mwa izo ndi errno, kamalo komwe pamalembedwa chifukwa chimene pempho lalepherera. Thread yoyamba yafuna kutsegula fayilo yomwe kulibe, pa errno palembedwa 2. Isanawerenge, yachiwiri yamanidwa chilolezo pa fayilo ina, palembedwa 13. Yoyamba ija pobwera ipeza 13, n'kuyamba kudandaula za chilolezo chonsecho vuto lake linali lina. Ndiye pamafunika kuti dzina likhale limodzi lomwelo, koma thread iliyonse ikalitchula lizitanthauza kamalo kakekake. Zimenezi ndiye amati thread-local storage, mwachidule TLS. Musasokoneze ndi TLS ina ija yoteteza mauthenga pa intaneti, angofanana maina chabe.

Wolemba pulogalamu amangoika mawu akuti __thread kutsogolo kwa variable yake, kapena _Thread_local ndi thread_local kuchokera pomwe C ndi C++ anazilowetsa m'malamulo awo mu 2011. Compiler ndi linker amasonkhanitsa ma variable oterewa pamodzi n'kuwerengetsa kuti iliyonse idzakhala mtunda wanji kuchokera pamalo amodzi oyambira. Amisiri omanga nyumba amakhoma kaye chikhomo, miyeso yonse n'kumachokera pamenepo. Malo oyambirawa, omwe dzina lake lenileni ndi thread pointer, ine ndizingowatcha chikhomo. Laibulale ya C, kaya glibc kaya musl, ikamalenga thread imadula chigamba cha memori, kukoperamo zoyambira, kenako kuuza kernel pomwe chikhomo chili. Zomwe zili m'chigambamo kernel siizidziwa, ndipo siifunsa. Ine ndimaona kuti pa zisankho zonse za nkhaniyi, ichi ndiye chinali chanzeru kuposa zonse. Chifukwa cha icho glibc, musl, chilankhulo cha Go ndi Wine yoyendetsa mapulogalamu a Windows amayala zigamba zawo mosiyana kotheratu pa kernel imodzi yomweyo, ndipo glibc yasintha kayalidwe kake kambirimbiri kernel osakhudzidwa.

Chikhomo chimafuna pokhala pomwe thread ingachipeze msanga, ndipo malo abwino ndi rejista, poti kernel ikamachotsa thread ina pa purosesa n'kuikapo ina imasunga kale ma rejista onse. Mapurosesa olemera ma rejista sanavutike. PowerPC inapatula r2 pa 32-bit ndi r13 pa 64-bit, SPARC inapatula g7, RISC-V ili ndi rejista yongotchedwa tp. Koma x86 ya 32-bit ili ndi ma rejista a ntchito zonse asanu ndi atatu okha, ndipo compiler inali ikulira nawo kale kuti ndi ochepa. Kulanda imodzi kunali ngati kuchotsa fuwa limodzi pa atatu.

Laibulale yoyamba yotchuka ya ma thread pa Linux, LinuxThreads ya a Xavier Leroy ya mu 1996, inazemba vutoli mochenjera. Inkayala ma stack m'magawo ofanana a 2 MB, ndiye thread ikafuna kudzidziwa inkangoyang'ana pomwe stack yake ili n'kuwerengetsa. Kernel sinkafunsidwa kalikonse. Zinkatheka, koma pulogalamu yodzipangira stack yakeyake inkasokoneza masamuwo. Anthu anatembenukira ku ma rejista awiri omwe Intel inabweretsa ndi 80386 mu 1985 koma anali atangokhala: FS ndi GS. Awa ndi ma rejista a segment. Mkati mwake simukhala adiresi, mumakhala nambala ya mzere m'kaundula, ndipo mumzere wa kaundulayo ndi momwe mwalembedwa poyambira pa segment ndi kutalika kwake. Makaundula alipo awiri, GDT yogawana mapulogalamu onse ndi LDT ya pulogalamu imodzi. Kudzera pa modify_ldt, yomwe ndi system call (khomo lomwe pulogalamu imaperekera pempho kwa kernel), thread iliyonse inkatenga mzere wake mu LDT. Koma LDT imathera pa mizere 8192, ndiye ma thread nawonso anali ndi denga lomwelo.

Mizere itatu ndi nambala ya -1

Mu 2002 a Ingo Molnár ndi a Ulrich Drepper, onse a ku Red Hat, ankamanga laibulale yatsopano yotchedwa NPTL, wina kumbali ya kernel wina kumbali ya glibc. Mu Linux 2.5.29 munalowa system call ya set_thread_area. Maganizo ake anali otere: purosesa imodzi imayendetsa thread imodzi pa kanthawi kalikonse, ndiye bwanji osapatula mizere yochepa mu GDT ya purosesa iliyonse, n'kumailembanso pomwe ma thread akusinthana? Anapatula mizere itatu. Mzere uliwonse ndi ma byte 8, kotero posinthana kernel imakopera ma byte 24, denga la 8192 lija n'kugwa. Nambala yomwe ili mu GS imakhala yofanana kwa ma thread onse, chosintha ndi zomwe zalembedwa pamzerewo. Chitseko ndi chimodzi, koma aliyense akatsegula apeza chipinda chake.

Nanga bwanji itatu? M'mafayilo a kernel muli ndemanga yonena kuti mzere woyamba ndi wa glibc, wachiwiri ndi wa Wine, wachitatu ndi wongotsala. Wine imayendetsa mapulogalamu a Windows pa Linux, ndipo pulogalamu ya Windows ya 32-bit imayembekezera kupeza chigamba cha thread yake kudzera pa FS. Glibc inatenga GS. Choncho m'thread imodzi mukhoza kukhala mayiko awiri, la Windows likuyang'ana ku FS, la Linux likuyang'ana ku GS, osapondana zala.

Tsono apa pali kanthu kakang'ono komwe ndimafuna wina aliyense wopanga ma system call akaphunzire. Pulogalamu poitana set_thread_area imapereka kafomu kotchedwa user_desc, ndipo malo oyamba pakafomuko ndi olembapo nambala ya mzere womwe ikufuna. Ikalemba -1, ndiye kuti ikuti: kernel, ndisankhire mzere wopanda mwini, undilembere nambala yake pomwepa. Glibc inkachita choncho kuyambira pachiyambi. Pa kernel ya 32-bit mizere ija inali 6, 7 ndi 8. Itabwera kernel ya 64-bit, GDT inayalidwa mwina, mizere ya TLS n'kukhala 12, 13 ndi 14. Mukhoza kudzionera nokha: tsegulani pulogalamu ya 32-bit mu gdb, chida chosuzumira pulogalamu ikuyenda, mufunse ma rejista. Pa kernel ya 32-bit mupeza gs ili 0x33, pa ya 64-bit mupeza 0x63. Pulogalamu ndi yomweyo, palibe anaikhudza, koma mzere wasamuka ndipo iyo sinazindikire n'komwe. Akanati aliyense azilemba 6 ndi dzanja lake, bwenzi nambala 6 itasanduka lonjezo lomwe kernel ikanalisenza mpaka kale.

Chinatsala ndi funso la nthawi. Thread yongobadwa kumene, ikanati iziyamba yakhalapo kenako n'kudzikhomera chikhomo, pakanakhala kampata pakati. Signal, uthenga wochokera ku kernel wodukiza thread mwadzidzidzi, ikafika pakampatako, function yoilandira ikanakhudza errno chikhomo chikulozabe kwa thread ina. N'chifukwa chake system call ya clone, yomwe imalenga ma thread, inapatsidwa chizindikiro cha CLONE_SETTLS. Kholo limakonza chigamba, kupereka chikhomo pamodzi ndi pempho lolenga, mwana n'kutsegula maso ali kale pakwawo. Zonsezi zitaphatikizana ndi futex (njira yoti ma thread azidikirana) ndi zina, opanga NPTL anaonetsa kuti ma thread 100,000 ankatha kulengedwa m'masekondi pafupifupi awiri, ntchito yomwe kale inkadya mphindi 15.

Walira mvula walira matope. NPTL inafika kwa anthu ambiri ndi Red Hat Linux 9 mu 2003, Linux 2.6.0 isanatuluke mu Disembala chaka chomwecho, ndipo mapulogalamu ena anagwa nthawi yomweyo. Panali chizolowezi chakale cha pa Unix cholemba mzere wakuti extern int errno m'malo moitana fayilo ya errno.h. Mzere umenewu umalumbira kuti errno ndi nambala imodzi yokhala pamalo amodzi, zomwe zinali zitasiya kukhala zoona. Seva ya makalata ya qmail ndi ina mwa zodziwika zomwe zinakana kumangika pa glibc 2.3, mpaka kachigamba kokonza mzere umodziwo kanafala kwa aliyense woiyendetsa. Mapulogalamu ena anali atazolowera makhalidwe a LinuxThreads, monga akuti thread iliyonse ili ndi PID yakeyake, nambala yomwe kernel imadziwira pulogalamu yomwe ikuyenda. Red Hat inathana nazo potumiza ma glibc angapo pamodzi, wa NPTL ali mu /lib/tls, ndipo munthu akalemba LD_ASSUME_KERNEL=2.4.19 asanayambitse pulogalamu, inkapatsidwa laibulale yakale ija. Kunali kunamiza pulogalamu za msinkhu wa kernel, ndipo bodza limenelo linasunga ntchito za anthu kwa zaka zingapo.

Xen, pulogalamu yoyendetsa ma kernel angapo pa kompyuta imodzi, nayo inapunthwa pamalo pomwe palibe ankayembekezera. Pa x86 ma variable a __thread aja amakhala kumbuyo kwa chikhomo, osati kutsogolo, ndiye compiler imalemba mitunda yochotsera. Pa 32-bit izi zimatheka chifukwa segment ndi ya 4 GB yathunthu, masamu akapyola mapeto amazungulira n'kubwerera. Koma Xen inkadzibisa kumtunda kwa memori podula ma segment a ma kernel omwe inkawasunga. Mtunda wochotsera uliwonse unkagunda mpandawo, Xen n'kumalizitsa lamulolo ndi manja, pang'onopang'ono. Inafika posindikiza chenjezo pa sikirini lolangiza anthu kuti asinthe dzina la /lib/tls likhale /lib/tls.disabled. Mankhwala enieni anali kumanga glibc mwa njira ina, yoti iziyamba yawerenga adiresi ya chikhomo kenako n'kuchotsera payokha. Izi zinatheka chifukwa cha lamulo lomwe linalipo kale, lakuti pa chikhomo penipenipo pazilembedwa adiresi ya chikhomocho.

Gemu yomwe inalakwitsa, kernel n'kugonja

Nkhani yomwe imandikhudza kwambiri ndi ya kumapeto kwa 2014. Kafomu ka user_desc kanabwerekedwa kuchokera ku modify_ldt, ndiye kankalola zambiri zomwe TLS siifuna, kuphatikizapo ma segment a 16-bit. Mapurosesa a x86 ali ndi chilema chakale chakuti pobwerera kuchokera mu kernel kupita ku stack ya 16-bit, amasiya poyera gawo la adiresi ya stack ya kernel, zomwe zimathandiza wofuna kuthyola makina. Kernel inali itatseka kale bowo limeneli kumbali ya LDT, koma a Andy Lutomirski anaona kuti munthu akhoza kulowera kumbali ya set_thread_area. Vutoli linapatsidwa nambala ya CVE-2014-8133, ndipo kernel inayamba kukana ma segment oterowo.

Kukonzaku kutafika m'makompyuta a anthu, gemu ya The Witcher 2, yomwe inali itatuluka pa Linux chaka chomwecho, inayamba kugwa. Atafufuza anapeza kuti gemuyo inkadzaza kafomu konse ndi ziro, kulemba -1 pamalo a nambala ya mzere, n'kupereka. Cholinga chake chinali kungofunsa mzere wopanda mwini. Koma mwa malamulo, kafomu kopanda kanthu sikanali ka ziro yekhayekha. Kankayenera kukhala ndi ma bit awiri oyatsidwa, read_exec_only ndi seg_not_present. Ka ziro yekhayekha kankatanthauza segment yeniyeni ya 16-bit, mtundu womwewo womwe unali utangoletsedwa. Gemuyo inali yolakwa kuyambira tsiku loyamba, kungoti kernel yakale inkalandira mwakachetechete.

Taganizirani mutakhala inu. Mwatseka bowo lenileni, ndipo wagwayo wagwa chifukwa cha kulakwa kwake. Zikanakhala zosavuta kunena kuti eni gemu akonze. Koma munthu amene wagula gemu, dzulo imayenda, lero wakweza kernel yasiya, iye sadziwa za ma bit awiri. Akudziwa zoti Linux yamuwonongera chinthu. Mu Januwale 2015 kernel inasinthidwanso kuti kafomu ka ziro yekhayekha kazimveka ngati pempho la mzere wopanda kanthu. Gemu inalandira nambala yomwe inkafuna, segment yoopsa ija sinalengedwe, bowo linakhalabe lotseka. Linux 3.19 inatuluka ndi khalidwe limeneli, ndipo lero linalembedwa m'buku la malangizo a set_thread_area ngati lamulo. Ine ndimati anachita bwino, ndipo chondisangalatsa n'chakuti sanasankhe pakati pa chitetezo ndi gemu. Anakhala pansi n'kufunsa chomwe pulogalamuyo inkatanthauza, n'kuipatsa chimenecho.

Pa nthawi yomweyo anapezanso kachilema kena m'kafomu komweko. Mtundu wake wa 64-bit uli ndi bit yoonjezera yotchedwa lm, pamalo pomwe kwa mapulogalamu a 32-bit ndi mpata chabe. Pulogalamu ya 32-bit yosasesa mpatawo inkatha kusiyapo zinyalala, kernel ya 64-bit n'kuziwerenga ngati uthenga. Malo osagwiritsidwa ntchito m'kafomu, ngati kernel siikakamiza kuyambira tsiku loyamba kuti akhale ziro, ndiye kuti atayika. Ma system call atsopano anaphunzirapo: clone3, yomwe inalowa mu Linux 5.3 mu 2019, imalandira kafomu pamodzi ndi kukula kwake, ndipo ikapatsidwa kafomu kotalika kuposa komwe ikudziwa imakana pokhapokha mbali yoonjezerayo ili ziro.

Ku ARM anayenda njira ina yomwe ndimaikonda. Mapurosesa akale a ARM analibe rejista ya chikhomo, atsopano kuyambira ARMv6K anali nayo. Kodi pulogalamu imodzi iyenda bwanji ponseponse? Kernel inaika tizidutswa ta malamulo pa tsamba la kumtunda kwa memori, ndipo pa adiresi 0xffff0fe0 panali kofunsira chikhomo. Pulogalamu imangodumphira pamenepo. Pa purosesa yakale kachidutswako kamawerenga nambala yomwe kernel yasiya patsamba lomwelo, pa yatsopano kernel imakalemba kuti kawerenge rejista. Pa 0xffff0ffc palinso nambala youza pulogalamu kuti tizidutswato tilipo tingati. Lonjezo linali pa funso, osati pa njira yoyankhira. Mtengo wake unadzaoneka pambuyo, poti malamulo okhala pa adiresi yosasintha ndi mphatso kwa akuba, ndiye panabwera mwayi wozimitsa tsambali pomanga kernel, kwa okhawo otsimikiza kuti alibe pulogalamu yakale yolifuna. MIPS inangosankha lamulo la rdhwr lowerenga rejista 29 ngakhale mapurosesa ambiri analibe rejistayo. Purosesa ikakana, kernel imagwira n'kuyankha m'malo mwake.

Zaka zisanu ndi zitatu za bit imodzi

AMD popanga x86-64 inataya pafupifupi zonse za ma segment koma inasiya poyambira pa FS ndi GS, tsopano ngati ma adiresi athunthu a 64-bit. Kafomu sikanafunikenso. System call ya arch_prctl imangolandira ARCH_SET_FS ndi adiresi, basi. Glibc inatenga FS, Windows ya 64-bit inatenga GS, ndiye anasinthana mipando koma sanakhalirane, Wine n'kupumanso. Pa macOS, pomwe dongosolo lenilenilo limagwiritsa ntchito GS, Wine ya 64-bit inavutika kwambiri ndi kulimbirana kumeneku.

Komabe kusintha chikhomo kunkafuna kulowa mu kernel, zomwe zimachedwetsa mapulogalamu osinthasintha ma thread awoawo ang'onoang'ono kambirimbiri pa sekondi. Mu 2012 Intel inatulutsa mapurosesa a Ivy Bridge okhala ndi malamulo anayi, RDFSBASE, WRFSBASE, RDGSBASE ndi WRGSBASE, olola pulogalamu kuwerenga ndi kulemba chikhomo yokha. Kuti agwire ntchito, kernel imangofunika kuyatsa bit imodzi mu rejista ya CR4. Linux inayatsa bit imeneyi mu 5.9, mu Okutobala 2020.

Chinachedwetsa n'chiyani? Kernel nayo imadalira GS, kuti ipeze katundu wake wa purosesa iliyonse. Polowa mu kernel pamaitanidwa lamulo la swapgs losinthanitsa GS ya pulogalamu ndi ya kernel, potuluka chimodzimodzi. Koma pali alendo ena osagogoda, monga NMI (chodukiza purosesa chomwe kernel singachiimitse), omwe amafika nthawi ina iliyonse, ngakhale pakati penipeni pa kulowa ndi swapgs. Zikatero kernel iyenera kudziwa kuti GS yomwe ilipoyi ndi ya yani. Njira yakale inali kuyang'ana adiresi: ikakhala ya kumtunda, ndi ya kernel, chifukwa arch_prctl sinkalola pulogalamu kuika adiresi ya kumtunda. Taonani pomwe chitetezo chinatsamira. Chinatsamira pa mlonda wa pa system call, ndipo WRGSBASE sadutsa pa mlondayo. Pulogalamu yoipa ikanaika adiresi yooneka ngati ya kernel, kernel n'kukhulupirira. Kunafunika kulembanso makomo ovutitsitsa a kernel yonse, komanso kusiya kukhulupirira nambala yomwe inasungidwa kale: posinthana ma thread kernel tsopano imayenera kuwerenga FS ndi GS zenizeni, poti mwina pulogalamu yazisintha osanena.

M'zaka zodikirazo ena analephera kupirira. Mapulojekiti ena ogwiritsa ntchito SGX, njira ya Intel yotchingira mbali ina ya memori, ankagawa tima module ta kernel tongoyatsa bit ija mwamseri, n'kutsegula bowo lenileni lomwe opanga kernel ankaliopa, pa makina a anthu omwe ankafuna chitetezo chochuluka. Apa ine ndimaona kuti kuchedwa nakonso kuli ndi mtengo wake. Khomo likakhala lotseka nthawi yaitali anthu amaboola khoma.

Palinso phunziro la kafunsidwe. Pulogalamu ikafunsa purosesa kudzera pa CPUID ngati ili ndi malamulo anayiwa, purosesa ivomera, ngakhale kernel isanayatse bit. Pulogalamuyo ikayesa, iphedwa ndi SIGILL. Woyenera kufunsidwa ndi kernel, ndipo imayankha kudzera pa kamndandanda komwe imapatsa pulogalamu iliyonse poyamba, pa mzere wa AT_HWCAP2, bit nambala 1. Kungoyang'ana nambala ya kernel sikukwanira, poti mwini makina akhoza kuzimitsa zonsezi ndi mawu akuti nofsgsbase poyatsa kompyuta.

Tsopano yendetsani pulogalamu yaing'ono ngati ls pansi pa strace, chida choonetsa ma system call onse, pa makina a glibc 2.35 kapena yatsopano. Malaibulale akangotha kulowa muona maitanidwe anayi otsatizana: arch_prctl, set_tid_address, set_robust_list, rseq. Koyambako ndi kukhoma chikhomo. Atatu enawo akupereka kwa kernel ma adiresi a mkati mwa chigamba cha thread. Pa set_tid_address, mwachitsanzo, ndi pomwe kernel idzalembe ziro thread ikafa n'kudzutsa amene akudikira, ndipo umu ndi mmene pthread_join imadziwira kuti mnzake wapita. Onani kuti adiresi iliyonse ikuperekedwa payokha. Kernel siinauzidwebe kayalidwe ka chigamba, yangolozeredwa timabowo titatu.

Rseq, ntchito ya a Mathieu Desnoyers yomwe inalowa mu Linux 4.18 mu 2018, ndi yomwe inabwereza vuto lakale m'chovala chatsopano. Thread imapatsa kernel kamalo ka ma byte 32, kernel n'kumalembamo nambala ya purosesa yomwe thread ilipo, kuti malaibulale ogawa memori azigwira ntchito mwachangu popanda maloko. Koma thread imodzi imaloledwa kamalo kamodzi kokha. Mu 2002 anapatula mizere itatu poganizira kuti m'thread mukhoza kukhala alendo angapo; apa mpando unali umodzi ndipo sizinanenedwe kuti mwini wake ndani. Malaibulale ngati tcmalloc ya Google anayamba kudzilembetsa okha. Glibc 2.35 itatuluka mu Febuluwale 2022 inayamba kulembetsa thread iliyonse isanafike n'komwe pa main, poyambira pa pulogalamu, ndiye wobwera pambuyo ankapeza mpando uli ndi munthu, kernel n'kumukana. Glibc inachita ziwiri. Inalengeza poyera pomwe kamaloko kali, kudzera pa __rseq_offset ndi __rseq_size, mtunda wake ukuwerengedwa kuchokera pa chikhomo chomwe chija, kuti onse azidyera mbale imodzi. Inasiyanso chozimitsira, glibc.pthread.rseq=0 mu GLIBC_TUNABLES, cha mapulogalamu ofuna mpandowo okha. Ndikachiona ndimakumbuka LD_ASSUME_KERNEL.

Ma byte 32 aja nawonso anayamba kuchepa. Mu Linux 6.3, mu 2023, kernel inaonjezera zinthu zatsopano m'kamaloko, ndipo ulendo uno inayamba kulengeza kukula komwe ikudziwa kudzera pa AT_RSEQ_FEATURE_SIZE ndi AT_RSEQ_ALIGN, m'kamndandanda komwe kaja ka poyamba. Laibulale yatsopano imafunsa kaye, kenako n'kudula malo okwanira pafupi ndi chikhomo. Yakale, yomwe imangodziwa 32, imaperekabe 32 wakeyo, ndipo pa strace mudzaona 0x20 pamzere wa rseq, kumapeto kwake kernel itayankha 0.